Mabotolo Amene Ndinataya M'chimbudzi

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, landirani moni m'dzina la Yesu. Alemekezeke Ambuye! Ndikufuna kuchitira umboni, ngakhale nkhani yake ndi yonyansa. Amene simuchedwa kuchita nseru mundikhululukire.

Ambiri mumandidziwa, ndimagulitsa manachesi ndi tomato pamsewu paja pamaima mathiraki opita ku Mozambique. Ine ndinabadwa wakuda, wakuda bii ngati mayi anga a ku Thambani, ndipo sindinkaonapo vuto. Vuto linatuluka m'kamwa mwa amuna anga. Tsiku lina atabwera kuchokera ku Tete, ndikuwapatsa madzi akumwa, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Koma iwe, utaima pafupi ndi matumba a makala, munthu atha kukukweza panjinga." Anzawo awiri amene anali pakhonde anaseka mpaka kugwira nthiti. Nanenso ndinaseka, abale. Ndinaseka! Koma mawu aja anandilowa mpaka m'mafupa.

Sabata yomweyo ndinapita kwa mayi wina amene amabweretsa mafuta oyeretsa khungu kuchokera ku Zobwe. Mabotolo ake opanda ndi dzina lomwe. Anati, "Asisi, musakanize awa ndi awa, muzidzola m'mawa ndi madzulo. Pakatha mwezi bambo sadzatulukanso m'nyumba."

Ndinayeradi. Apa ndinene zoona, amayi, musakwiye. M'tchalitchi mommuno ena munkandigwira tsaya n'kumati, "Mayi a Chisomo, mwawalatu! Ambuye akukukonderani." Ine n'kumayankha kuti ameni. Ameni wa chiyani? Ndinkathokoza Mulungu chifukwa cha ntchito ya botolo.

Kenako khungu linayamba kuwonongeka. Masaya anafiira ngati nyama yaiwisi. Nkhope yoyera mbee, mfundo za zala zakuda, ngati ziwalo za anthu awiri zolumikiza. Dzuwa la pamsewu likandiwomba ndinkatuluka matuza, matuza aja n'kuphulika. Podzuka m'mawa nsalu ya pilo inkamatirira kutsaya ndi mafinya, poimatula n'kumachoka ndi khungu. Nanga fungo! Abale, fungo ngati la nsomba yovunda. Ntchentche zinkasiya tomato wophwanyika n'kumatera pa ine. Dalaivala wina pogula manachesi anati, "Mayi, ingosiyani, ndisankha ndekha. Musagwire."

Amuna anga aja, amene ndinkadziwotchera thupi chifukwa cha iwo, anangoti, "Ukununkha. Uzigona pamphasa."

Mukuganiza ndinasiya? Ayi. Ndinakagula ena amphamvu kuposa oyamba. Ndinkabwera muno nditakulunga mpango mpaka m'masaya, n'kumaimba nanu limodzi. Koma ndikagwada kuti ndipemphere pakamwa pankauma gwa. Ndikanamuuza chiyani Mulungu? M'mawa uliwonse, ndi manja angawa, ndinali ndikumuuza kale kuti analakwitsa pondiumba.

Loweruka lina masana ndinabwerera kunyumba kudzatenga dengu lina. Nditakankha chitseko ndinapeza mwana wanga Chisomo, wa zaka zisanu ndi ziwiri, atakhala pansi, botolo langa lili pamiyendo. Nkhope yonse atapaka, mpaka m'zikope.

Ndinakuwa, "Chisomo! Ukutani?"

Anati, "Ndikufuna ndiyere ngati inu, amayi. Inetu ndine makala."

"Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe. Koma inu mumadzola kuti musafanane ndi ine."

Abale, abale inu. Palibe mlaliki amene anandilasapo ngati mwana ameneyo. Ndinadziona mmene ndinalili: mayi wonunkha, wotuluka mafinya, akuphunzitsa mwana wake kudana ndi nkhope yake. Ndinanyansidwa. Sindinanyansidwe ndi zilonda ayi, ndinanyansidwa ndi bodza limene ndinameza n'kuyamba kumudyetsa mwana.

Ndinamunyamula, ndinamusambitsa ndi sopo katatu, iye akulira, ine ndikulira. Ndinasonkhanitsa mabotolo onse, ndi odzadza omwe, n'kukawaponya m'chimbudzi limodzilimodzi. Nditatuluka ndinagwada padothi pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, aneba akuonerera. Ndinati, "Atate, ndanyoza ntchito ya manja anu. Ngati mukundizindikirabe, ndilandireni." Ndipo pakamwa panatseguka. Ndinapemphera ngati mwana amene wabwerera kwawo, osabisa kanthu.

Lolemba ndinapita kuchipatala. Adokotala anandiuza mosabisa kuti zilonda zipola, koma zipsera zina ndidzafa nazo. Amuna anga atabwera ndinawauza maso ndi maso, "Bambo, munandikwatira inu, koma simunandilenge inu. Mawu aja musadzawanenenso, kwa ine kapena kwa mwanayu." Mpaka lero sanapepese, muziwapempherera.

Lero ndabwera wopanda mpango kumaso. Ndiyang'aneni, musachite manyazi. Zigamba mukuzionazi ndi zanga, ndinazigula ndekha. Koma kuda kwanga kukubwerera pang'onopang'ono, kwayambira pachipumi apa, ndipo m'mawa uliwonse ndimakulonjera ngati m'bale amene ndinamuthamangitsa popanda mlandu.

Zikomo Yesu pondilandira ndisanapole. Zikomo abusa chifukwa cha mpata uwu. Tsono musandimvere chisoni, ine si maliro. Amayi, nthungululu zili kuti? Imirirani tonse, kondwerani nane, mwana wa Mulungu wabwerera m'khungu lake! Aleluya!