Zenera Limene Linabalalitsa Magalasi a Mayi Nélida

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1943 kuno ku Rosario, mwana woyamba wa Bambo ndi Mayi Casaretto, ndipo anapatsidwa dzina lakuti Nélida. Ine ndikuyankhulane ndine Osvaldo, mlongo wawo wamng'ono.

Atamaliza sukulu mu 1961 analembedwa ntchito m'sitolo yogulitsa mankhwala. Ankatsuka mabotolo, ndipo kukonda galasi kunayambira pomwepo. Mu 1966 anakwatiwa ndi Bambo Aníbal Ferreyra, amene anatsogola mu 2009. Alamu angawo ankakonda kunena kuti kunyumba kwawo munthu akafuna kuyetsemula amayamba watuluka panja, kuopa kugwetsa magalasi a akazi awo.

Mu 1978 malemu analowa kalabu ya okonda magalasi akale. Kuyambira pamenepo Lamulungu sankapezeka pakhomo, ankakhala ali kumsika wa zinthu zakale, kusakasaka mitsuko ya maluwa, matambula ndi mbale zamawangamawanga. Khumbo lawo linali limodzi lokha: zinthu zimenezi zisadzabalalike, zikhale m'chipinda chimodzi, ana asukulu azidzaona.

Mu 2014 anauza kalabu kuti akuipatsa zonse, ingokonza chipinda. Anthu anaomba m'manja. Kenako kunabuka nkhani ya zenera. Ena amvekere galasi limakongola kuwala kukamadutsamo, chipindacho chikhale ndi zenera lalikulu. Ena amvekere ayi, dzuwa limasintha mtundu wa galasi lakale, zenera litsekedwe ndi njerwa. Abale anga, anthu akuluakulu, aimvi, ophunzira, kukangana za zenera chaka ndi chaka! Msonkhano ukatha, khofi wamwedwa, makeke atha, zenera lili pomwepo.

Mu 2022 maso a malemu anayamba kuchita chidima, mtima nawo unayamba kuvuta. Tsiku lina ali pabedi anandiitana n'kuti, “Iwe Osvaldo, kawauze madalawo angoikapo katani basi!” Ndinapitadi. Wapampando, Bambo Ruggeri, omwe akhala kutsogolo kunowa, anandiyankha mwaulemu kuti katani amasunga fumbi, nkhaniyo aikambirananso. Pepani Bambo Ruggeri, pamaliro sitiyenera kutchulana, koma zandiwawa.

Malemu anatisiya pa 3 Juni 2024 akufunsabe ngati chipinda chija chatheka. Asiya ana awiri, Mirta ndi Rubén, zidzukulu zisanu, ndi ine. Tikuthokoza anamwino omwe anawasamalira, Mayi Zulema oyandikana nawo nyumba, amene ankawapukutira magalasi malemuwo atayamba kufooka, komanso nonse mwabwera kudzatipepesa.

Tsopano mumve chimene banja lagwirizana. Nyumba ankakhalayo ndi ya lendi, mwiniwake akuifuna mwezi ukatha. Mirta ali ndi ana aang'ono, Rubén amakhala kunja, ine ndimakhala m'kachipinda kamodzi. Tasowa poika. Choncho tikachoka kumanda, pakhomo pali makatoni. Aliyense atenge chinthu chimodzi, tazikulunga kale m'manyuzipepala. Mukaikemo maluwa, mukamweremo madzi, zili kwa inu. A kukalabu okha musatenge, chifukwa mulibe poika. Pitani mukamalize za zenera.

Achemwali, munatipempha chinthu chimodzi chokha, ndipo lero tikuchiphwanya ndi manja athu. Mutikhululukire. Mzimu wanu uuse mumtendere.