Anati Ndinene Kuti Ndine Wantchito

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ine ndine Eneresi wa ku Khonjeni. Abusa anandipempha kuti ndiyime kutsogolo ndinene umboni wanga, koma pagulu ndimachita manyazi, ndiye ndalemba.

Kuyambira ndili mwana ndinali munthu wa "eya". Aphunzitsi akati sesa, eya. Amalume atati ndisiye sukulu ndili Fomu 2, ndinati eya. Anthu ankanditama kuti ndine mwana waulemu, ine n'kumakondwa. Sindinkadziwa kuti ulemu wangawo unali mantha. Nkhope ya munthu aliyense ikakwinyika ndinkanjenjemera, koma Mulungu sindinkamuopa. Kutchalitchi ndinkapita kuti amayi asadandaule, basi.

Ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita m'nyumba ya alendo pa esiteti ya tiyi. Kumeneko ndinakumana ndi a Kolini, mzungu wa ku Mangalande amene ankayang'anira makina a kufakitale. Ankayankhula Chichewa chothyokathyoka, choseketsa. Atandifunsira ndinavomera, ndipo apa pokha ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinkawakonda. Sindibisa.

Amalume anga, a Namalima, anati mwana wa mlongo wawo sangatuluke m'mudzi popanda chinkhoswe. A Kolini analibe wachibale kuno, ndiye anabwereka nkhoswe, a Mulepa, dalaivala wa pa esiteti. Mudzi wonse unabwera. Anavina tchopa mpaka fumbi kudzaza m'maso. Akuchimuna anapereka tambala, akwathu anapereka msoti. Nkhuku yootcha anagawana ankhoswe awiriwo, amalume ndi a Mulepa, n'kudya pamaso pa anthu. Kwathu zikatero ukwati wamangidwa. A Kolini ankaseka, akujambula chilichonse ndi foni. Ine ndinkayesa akumvetsa chimene chikuchitika.

Ndinalowa m'nyumba ya mabwana pamwamba pa chitunda, ndipo kunyada kunalowa nane limodzi. Anzanga othyola tiyi ndinkawadutsa pagalimoto, galasi lotseka. Tchalitchi ndinasiya, chifukwa Lamlungu a Kolini ankafuna tipite kukalabu. Kumeneko akazi a mabwana ankamwa vinyo. Anandipatsa tambula. Vinyoyo anali wowawa, koma ndinamwetulira, ndinamwa. Tinabereka mwana wamwamuna, Luka.

Luka atayamba kuyenda, a Kolini anapita kwawo kutchuthi. Pobwera anali munthu wina. Tsiku lina titadya chamasana anandikhazika pansi. Anati ntchito yawo pa esiteti ikutha, kwawo kulibe chowayembekeza, ndipo apeza mkazi wa ku Amereka, dzina lake Megani. Akufuna kukakhala kumeneko.

Anandifotokozera mofatsa, ngati akundiphunzitsa makina. Ku Amereka munthu sungangolowa n'kukhazikika. Koma ukakwatira mkazi wa kumeneko, iyeyo amakupemphera chilolezo kuboma lawo. Bomalo limafunsa zambiri. Unakwatirapo? Ngati unakwatirapo, ukwatiwo unatha bwanji? Uli ndi ana? Limafunanso zithunzi zoonetsa kuti chikondi n'chenicheni, osati chongofunira mapepala. N'chifukwa chake a Megani akubwera kuno, kudzaona kumene bwenzi lawo limakhala ndi kudzajambulitsa limodzi.

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Zija zinali phwando chabe, Ene. Gule, nkhuku. Sitinasaine paliponse," anatero. "Akabwera unene kuti ndiwe wantchito wa m'nyumba muno. Luka umuveke chipewa kuti tsitsi lisaoneke, azikhala kukhitchini. Ndidzakumangira nyumba ku Luchenza."

Ndinati eya.

Zithunzi za chinkhoswe anazichotsa pakhoma. Zovala zanga ndinasamutsira m'kachipinda ka kuseri, ka antchito. Ndinakwera kabaza kupita kwa amalume, poti nkhoswe ndiye mwini nkhani zotere. Anayamba ndi kuseka.

"Ndiye akupita chikamwini ku Amereka? Kuno anakana, khasu lathu sanaligwirepo, koma kwa eni ndege akukakhala mkamwini!" Kenaka kuseka kunatha. "Mzungu sulimbana naye, mwanawe. Landira nyumbayo, ukhale chete."

Ndinapita kwa a Mulepa. Ndinawapeza akutsuka galimoto, ndipo sanasiye kutsuka. "Mayi, ine ndili ndi ana pasukulu. Kuja ndinangopita kukadya nkhuku."

Ankhoswe onse awiri anandithawa. Ukwati wanga unali kufafanizidwa ine ndikuona, ndipo mwana wanga anali kusanduka mwana wopanda bambo, bambo ake ali m'nyumba yomweyo.

Ndinayamba ndi mabotolo a m'kabati ya a Kolini. Atatha, ndinkatuma wa kabaza kukandigulira kachasu kukomboni. Ndinkamwa dzuwa lili pamutu. Ndinkafuna kuti a Megani akamafika, ndidzakhale nditafa kale m'kati.

Tsiku lina ndinagona pansi pa chingwe choyanikira zovala. Luka ankalira pambali panga ndi njala, ine osamva. Amene anamunyamula anali Dorika, mnzanga wa kupulayimale, mmodzi mwa aja ndinkawadutsa pagalimoto. Ankadutsa kuseri kwa mpanda, dengu la tiyi kumsana.

"Iwe Ene, dzuka. Madamu akugona pa kapinga masiku ano?"

Ndinamuuza zonse.

"Ndiye iwe unayankha kuti chiyani?"

"Ndinati eya."

"Aa! Unabadwa ndi mawu amodzi okha m'kamwamo? Akadzati mwanayu unatola pamsewu, udzatinso eya?"

Anandikoka dzanja mpaka kushedi yoyezera masamba, kumene amayi othyola tiyi amapemphera nthawi yopuma masana. Kulibe guwa, kulibe mabenchi. Kuli sikelo, simenti yozizira ndi fungo la masamba aawisi. Ndinalowa ndikununkha kachasu, koma palibe anasuntha kundithawa. Wina anapatsa Luka chinangwa. Mayi wina anayamba kupemphera m'Chilomwe za mwana wake wodwala. Sankapempherera ine. Koma ankayankhula ndi Mulungu mosabisa kanthu, mpaka kumuuza kuti wakwiya naye. Ndinazizwa. Ine moyo wanga wonse ndinali ndisanauzepo munthu zimene zili mumtima mwanga, ngakhale Mulungu amene.

Ndinagwada pasimentipo. Ndinati, "Yesu, ndatopa. Ndagwadira aliyense kupatula Inu. Nditengeni."

Sindinaone kuwala, sindinagwe chagada. Koma mwala umene ndinkayenda nawo pachifuwa kuyambira ubwana unapepuka. Ndinalira ngati mwana, amayiwo n'kumaimba mondizungulira mpaka kapitawo anaitana kuti nthawi yakwana.

Ludzu la mowa silinathe tsiku lomwelo. Ndinagwa kangapo. Dorika ankabwera kudzandinunkhiza m'kamwa ngati wapolisi wa pamsewu. Koma masana alionse ndinali kushedi, ndipo pang'onopang'ono Ambuye anandichotsera botolo m'manja.

Kenaka a Megani anafika. Ndinkayembekeza munthu woipa, kuti ndimude. Anabwera mayi wofatsa, wothokoza pa kapu iliyonse ya tiyi. Anandibweretsera mafuta odzola. Ndinkawaphikira, n'kumawayalira bedi langa lomwe. Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, nditseguleni pakamwa. Masiku ankapita, pakamwa pali potseka. Ndinali nditapulumuka, koma ndinali ndikadali wantchito m'nyumba mwanga.

Loweruka lina m'mawa a Kolini anati akajambulitse m'munda wa tiyi, pamalo pamene phiri la Mulanje limaonekera bwino. A Mulepa anatitenga pagalimoto. Ine a Kolini anandiuza kuti ndinyamule dengu la chakudya. Luka anali kumsana, chipewa chaubweya chitafika m'makutu, dzuwa likuswa mtengo. Othyola tiyi anali pafupi, ndipo Dorika anali pakati pawo.

A Megani anandipatsa foni yawo. "Utijambule bwino, Eneresi. Zimenezi zikapita kuboma kwathu, akaone kuti ndife enieni."

A Kolini anawakumbatira. Ndinawaona awiriwo m'kagalasi ka foni, kumbuyo kwawo tiyi wobiriwira mpaka kuphiri. Luka anayamba kulira ndi kutentha, akukoka chipewa. A Kolini anandiyang'ana, n'kuloza ndi chibwano kuti ndichitsitse. Pamenepo ndinaona bwinobwino chimene ndikuchita. Ndikadina foniyi, ndi dzanja langa limene likatsimikize bodzalo kutsidya la nyanja. Ndipo mwanayu adzakula akubisidwa, amake atavomereza.

Ndinatsitsa foni. Ndinamasula chitenje, ndinaimitsa Luka pansi, ndinamuvula chipewa. Tsitsi lake lofiirira linali litanyowa ndi thukuta.

"Madamu, pepani," ndinatero. "Ine sindine wantchito. Ndine mkazi wa bambowa. Uyu ndi mwana wawo, Luka."

Chingerezi changa chinali cha ku Khonjeni, koma mawuwo anatuluka.

A Kolini anafiira mpaka m'khosi. "Eneresi, pita kugalimoto."

"Ayi."

Abale, kamawu kakang'ono kameneko ndinali ndisanakanenepo kwa munthu wamkulu aliyense. Sindinakanene ndi mphamvu zanga. Ndinaima pomwepo, sindinasunthe.

A Kolini anayamba kufotokozera a Megani kuti linali phwando la kumudzi, losangalatsa anthu, lopanda tanthauzo. A Megani anatembenukira kwa a Mulepa, kufunsa ngati n'zoona. A Mulepa anayang'anitsitsa tayala la galimoto ngati laphwa. Othyola tiyi anasiya kuthyola, n'kumatiyang'ana. Ndinali ndekha. Koma sindinali ndekha.

"Bambo a Luka," ndinatero, tsopano m'Chichewa, mokweza kuti munda wonse umve. "Nkhoswe wanu anadya nkhuku ndi amalume anga, inu mukujambula. Ngati simundifuna, sindikukakamizani. Pitani ku Amereka kwanuko. Koma mundisudzule pamaso pa ankhoswe omwewo, monga mwamuna amasudzulira mkazi wake. Ndipo akakufunsani za ana, mutchule Luka."

A Megani sanamve Chichewacho, koma anayang'ana Luka nthawi yaitali, kenaka a Kolini, kenaka Luka. Anatenga foni m'dzanja langa mwakachetechete, n'kuyamba kutsika okha ndi msewu wa m'mundamo.

Musayembekeze kuti ndinena kuti mwamuna anabwerera kwa ine akulira. Sanabwerere, ndipo sindinapemphe zimenezo. Za nyumba ya ku Luchenza zinathera m'munda momwemo. Amalume anandikalipira kuti ndataya mwayi chifukwa cha mwano. Amayi analira. A Kolini anati ndilongedze. Ndinalongedzadi, koma kuchokera m'kachipinda ka kuseri kubwerera m'nyumba yaikulu. Ndinawauza kuti wantchito amachotsedwa, koma mkazi amasudzulidwa, ndipo ndidikira.

A Megani asanakwere ndege anabwera kukhitchini. Anandigwira dzanja, anapepesa pa zimene sanazidziwe. Anati iwo sangasaine pepala la boma lili ndi bodza. Zoti adzakwatirana nawobe kapena ayi, anati sakudziwa.

Patapita milungu, a Kolini anabwera ku Khonjeni. Anakhala pamphasa, miyendo yaitali ija ikusowa poika. A Mulepa anakhala pambali pawo, amalume patsogolo. Ndipo ananena ndi pakamwa pawo, m'Chichewa chawo chothyokacho, anthu akumva: "Uyu anali mkazi wanga. Ndamusudzula. Luka ndi mwana wanga." Pambuyo pake tinapita kukhoti, anatipatsa kalata yoti ukwati watha. Ukwati umene unatha ndi umene unalipo, ndiye kalatayo inali umboni wanga. Ndinatuluka m'khotimo mutu uli m'mwamba.

A Kolini anachoka m'dziko muno. Ngati anafika ku Amereka, sindikudziwa. Ndimawapempherera onse awiri. Kupempherera a Megani sikundivuta. Kupempherera a Kolini, ndisaname, Ambuye akundiphunzitsabe.

Lero ndimathyola tiyi, mzere umodzi ndi Dorika. Zala zada, msana umapweteka, chiperoni chikabwera timanyowa mpaka m'mafupa. Ndikamalowa m'tchalitchi muno ndimamva manong'onong'o. Ena mumati, "Ndi uja anataya mzungu." Ena mumati ndikanakhala chete bwenzi mwana ali m'nyumba ya malata. Nenani. Kale mawu oterewa akanandigoneka ndi malungo. Lero ndimakupatsani moni, n'kukhala pabenchi panga. Ndine mkazi wosudzulidwa, ndipo sindichita nazo manyazi. Mwana wanga akafunsidwa kusukulu kuti bambo ako ndani, adzatchula dzina, ndipo palibe adzamutsutse.

Ndikuyamika Yesu amene anandipeza ndikununkha kachasu, sananyansidwe nane. Ndikumuyamika kuti anandichotsera mantha a anthu. Amene amaopa Iye sanjenjemeranso pamaso pa bwana, pa malume, pa mwamuna. Ulemu ndikadali nawo, ndimagwadabe popereka madzi kwa akulu. Koma bodza sindidzaligwadiranso.

Tsono ndikuyankhula ndi iwe, mlongo wanga, amene wauzidwa kuti ukhale chete kuti zinthu ziyende. Ndikuyankhula ndi iwe, mchimwene, amene ukumeza zimene ukudziwa chifukwa cha ntchito. Ndikudziwa kulemera kwake. Usadikire kuti ulimbe mtima kaye, ine sindinalimbe. Bwera kwa Yesu monga uliri, ukunjenjemera choncho. Muuze zoona Iyeyo poyamba. Tsiku lako likadzafika, adzaima nawe, ndipo udzamva pakamwa pako pakutseguka.

Alemekezeke Ambuye Yesu, lero ndi masiku onse. Amen.