Buleka Yomwe Inali Kugwa Lucia Akamakolopa

Olemekezeka nduna zoimila mafumu athu, olemekezeka a Khansala, abusa ndi akuluakulu a mipingo, mkulu wa sukulu ino ya ntchito zamanja Bambo Danwell Zimba, aphunzitsi, makolo amene mwapalasa njinga kuchokela ku Magodi ndi ku Chikomeni, ndi inu ana athu amene mukuyamba maphunzilo a zamagetsi, monile mose.

Ndithokoze pondiitana, ngakhale ine ndine mlimi wa fodya amene anzanga anangondiika pampando wa kopaletivu, ndipo babu ikapsa kunyumba ndimaitana munthu. Koma ntchito imene idzaphunzitsidwe m'chipinda ichi ndinaiona ndi maso anga ikupulumutsa ukwati, ndiye mundilole ndifotokoze.

Lucia, mwana wa mchimwene wanga, anakwatiwa kuno ku boma, nakakhala m'nyumba ya apongozi ake. Mtengwa watsopano mukumudziwa: amalawilila kusesa, nakolopa ndi madzi ambili mpaka simenti iwale, kuopa kunenedwa ulesi. Koma Lucia akangoyamba kukolopa, buleka, swichi yaikulu ija ya magetsi, inali kugwa, magetsi nyumba yonse thi. Aikweze, igwe. Filiji, chifukwa chozimazima, inafa. Tsiku limene Lucia wadwala osadzuka, magetsi anali kuyaka bwinobwino.

Ndinaitanidwa monga azakhali ake. Apongozi aja anandilandila ndi ulemu wonse, kenaka anati, "Asebele, mwana wanu ni waulemu, koma ali na vinthu vamatsenga. Malaiti amukana. Mumutenge akapumuleko kwanu." Ndaona amayi mwagwedeza mitu, chifukwa mukudziwa kuti kupumula kotele kulibe tsiku lobwelela. Mtima unandiwawa, ndipo ndinachita mantha, pakuti Lucia anangoti zyoli, chikwama chake chitamangidwa kale.

Mmisili wina anali atanena kuti bulekayo yakalamba, aichotse, alumikize mawaya dailekiti. Jethro, mwamuna wa Lucia, anaumilila kuti aitane wina. Ndiye kunabwela Mayi Carol Mtonga, awa akhala pamzele wakutsogolowa, amene lelo ndi mphunzitsi wanu. Sanathamangile sikuludilaiva ayi. Anakhala pampando nayamba kufunsa ngati namwino: imagwa nthawi yanji, pamene ndani akuchita chiyani, ali m'chipinda chiti? Atamva, anazimitsa magetsi onse nati, "Mwana wanga, tenga ndowa, ukolope monga umachitila masiku onse."

Tonse tinali kuyang'ana Lucia. Mayi Mtonga okha anali kuyang'ana madzi. Anawatsatila mpaka pamene analowela pansi pa kabati, nauza Jethro kuti aisunthe. Kuseli kwake kunali waya wa filiji, woduka ndi wolumikizidwa pakati, womangidwa ndi pulasitiki ya shuga, utagona m'madzi. Anauyeza ndi kamakina kao kuti atsimikize, natembenukila kwa apongozi aja.

"Amama, buleka iyi siinali kukana mkamwana wanu, inali kumuteteza. Mukanaichotsa, uyu mukanamubweza kwao m'bokosi."

Apongozi ananyamuka, nanyamula chikwama chija ndi manja ao, nakachibweza kuchipinda. Ine ndinakwela basi ndekha, ndikulila ndi chisangalalo, kondakitala kudabwa.

Mayi Mtonga, ndimakusililani, ndipo ndikunena pamaso pa anthu onsewa. Ana inu, muphunzile kwa iwo mawaya, masoketi ndi kayezedwe, koma koposa zonse muphunzile kufunsa ndi kudikila, pakuti buleka ikagwa imakhala ndi chifukwa chake, ndipo mukalephela kuchipeza inu, am'nyumba adzachipeza pa munthu wosalakwa.

Tsono, ndi chilolezo cha mafumu athu ndi cha akuluakulu onse ali pano, ndikulengeza kuti chipinda ichi chophunzilila zamagetsi chatsegulidwa lelo. Yewo chomene, zikomo kwambili.