Mkazi wa mu Chithunzi cha Shaun

Shaun Phiri anaphunzira kujambula mapulani a mizinda, ndipo akajambula chinthu, ngakhale mngelo sangamusinthitse mzere umodzi. Loweruka lina anafika ku Garneton tabuleti ili kukhwapa, kudzanyengerera azakhali ake, a Felistus, kuti alole dimba lawo la m'mbali mwa mtsinje wa Kafue lilowe m'pulani ya nyumba zatsopano, poti eni mapuloti ena onse anali atavomera kale.

"Onani, Anti," anatero akuyatsa chithunzi. "Mashopu pansi, maofesi pakati, nyumba zogona pamwamba. Pa denga masola a magetsi. M'mbali mwa mtsinje mitengo, kuti dothi lisakokoloke. Zonse zizakhala monga mwamene muonera apa."

"Zonse?"

"Zonse. Sinisintha olo kamzere."

A Felistus anapukuta manja pa chitenje, nayandikitsa nkhope.

"Uyu wa jekete ya buluu ni iwe."

"Ee. Ninaziikamo kuti anthu aone kutalika kwa nyumba."

"Nanga uyu wakugwira pa mkono?"

"Ni munthu chabe."

"Munthu chabe akugwira pa mkono? Ni wa kwa ndani?"

"Alibe kwao, Anti. Ninamutenga mu kompyuta."

"Mayo ine!" Anagwira m'mutu. "Mwana wa malemu alongo anga, wobatizidwa bwinobwino ku Bulangililo, kukatenga mkazi wopanda kwao!"

"Tiyeni tikambe za mizati. Mwaona nyumba yakhala pa mizati? Kafue akasefukira, madzi angodutsa pansi."

"Nkhoswe anali ndani?"

"Madzi, Anti. Tikamba za madzi."

"Abambo mfumu aziwa?"

"Kulibe chakuti aziwe!"

"Ndiye mwangolowana. Hmm." Chala chawo chinatsetsereka pa galasi, nkuima. "Ichi chamene akankha, ni wilibala?"

"Ni kangolo ka mwana."

A Felistus anafufuza chidebe kumbuyo kwawo, nachivundikira, nakhalapo pang'onopang'ono.

"Muli mwana?"

"Kaya. Sininaonemo."

"Sunaonemo! Mwana wako!"

"Si wanga! Mkaziyo anabwera nako kangolo. Amabwera pamodzi, siungawalekanitse."

"Anabwera naye kale? Ndiye uzalera wa mwamuna wina? Awe, zimenezo sinikana, ni chifundo. Koma ukanatiuza, mwandi, tikanagulako thewera."

Shaun anayang'ana kumwamba ngati munthu wofunsa mvula, koma kunali dzuwa lokhalokha.

"Anti, onani matanki awa. Madzi a mvula sitizataya, tizathirira mitengo."

"Uyu wa kabudula athamanga, waba chani?"

"Achita maseŵera olimbitsa thupi."

"Nyumba sizinamangidwe, akawalala afika kale. Nanga galu uyu ali pa chingwe, walakwa chani?"

"Ayenda naye chabe!"

"Oho." Anapukusa mutu, nayamba kufufuza chithunzi chonse, ngodya ndi ngodya, monga asankhira nyemba. Kenaka anadzutsa maso. "Kansi ine nili pati?"

"Dimba yanu ni apa."

"Apa pali udzu."

"Ni kapinga, pokhalira anthu madzulo."

"Repu wanga? Tomato? Thebulo yanga yogulitsira?"

"Zimenezo tizaona pambuyo. Shedi ya msika izakhalako, nakulonjezani. Kungoti mu chithunzi siioneka bwino."

"Wakamba wekha kuti zonse zizakhala monga apa. Galu alimo. Kawalala alimo. Ine mulibe."

Apa sanali kuseŵera. Dimba limenelo ndilo linkawadyetsa chimwalirire amuna awo, omwe anali a mu mgodi, ndipo mantha oti angakalambire pa kapinga wa eni ake anawagwira zenizeni. Shaun anaona, koma liuma ndi matenda ovuta kuchiza.

"Chithunzi ni chabwino mwamene chilili," anang'ung'udza. "Ngati vuto ni mkazi uyu, basi!"

Anakhudza ndi chala. Mkazi uja anazimiririka.

A Felistus anadzambatuka, chidebe chikugubuduka.

"Wamupitikitsa?"

"Namufafaniza chabe."

"Pamaso panga? Opanda kuitana akulu, opanda kukamba mlandu? Nanga mwana?"

"Wapita naye."

"Galu wasiya!"

"Galu akongoletsa, Anti."

"Yesu Maria! Ndiye anthu a m'nyumba zako achoka na chala chimodzi? Mkazi wakugwira pa mkono wamuchita so, nanga ine wogulitsa repu uzanichita bwanji? Tenga tabuleti yako. Dimba siniperekako."

Anatola khasu, nampatsa msana. Shaun anaima pamenepo thukuta lili kamukamu. Popanda dimbalo njira yomwe anajambula m'mbali mwa mtsinje inali yoduka pakati, ndipo pulani yonse inali kugwera m'madzi.

"Anti! Chabwino. Imani apo. Tembenukani. Gwirani repu."

Anawajambula. Kenaka munthu wosasintha olo kamzere uja anakhala pa chidebe, nafafaniza kapinga wake wokondedwa, nkhope ili ngati akuzulidwa dzino. Anabwezeretsa mizere ya ndiwo kumunsi. Anajambula shedi ya malata pafupi ndi mashopu, mathebulo a azimayi, mpopi wa madzi ochokera m'matanki aja. Pa thebulo loyamba anaimikapo a Felistus, repu m'manja.

"Bwerani muone. Ndimwe aba. Dimba iyi. Shedi iyi."

A Felistus anasuzumira.

"Chitenje chatuluka bwino."

"Mwaona? Mulimo! Manje palibe angakuchotseni. Zili apa, zioneka na maso, ni zenizeni!" Anagogoda galasi mwamphamvu. "Ndiye muvomera?"

A Felistus anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, mwachisoni ndithu, monga ayang'anira mbande yofota.

"Aa, Shaun, mwana wophunzira ngati iwe ukhulupirira zithunzi? Kamange shedi poyamba, nikaigwire na manja."