Mzere wa ku Ekisireyi

Pa siteji ya Mponela, bambo wovala tayi ankayang'ana envulopu yaikulu m'manja mwa mayi wina.

"Mwachokera ku ekisireyi, mayi?"

"Eya. Lero sanandichedwetse, mpaka ndadabwa."

"Ine ndimajambula odwala komweko. Changu chimenecho chabwera ndi manyazi anga."

"Bwanji, bambo?"

"Akuluakulu a chipatala analowetsa m'kompyuta kaundula wathu wa zaka zitatu kuti aone pomwe odwala amachedwera. Inapeza kuti a kumpingo kwathu ankadikira mphindi khumi, koma a kumidzi yakutali maola asanu. Masiku onsewo pantchito ndinali ine."

"Inu simunkadziwa?"

"Ndinkayesa ndi ulemu chabe. Mkulu wa mpingo ungamusiye pabenchi? Atawerenga zotsatirazo pamsonkhano, ndinasowa poyang'ana."

"Chaka chatha ndinabwera ndi amayi anga kuchokera ku Nachisaka, akutsokomola magazi. Tinafika m'mamawa, madzulo munatiuza kuti tibwere mawa. Mawa lakelo analibenso mphamvu yotsika phiri."

Minibasi ya ku Ntchisi inaima, kondakitala n'kukuwa kuti mpando watsala umodzi.

"Kwerani, mayi, chonde."

"Kwerani inu, bambo. Ife kudikira munatiphunzitsa kale."