Mphini Zomwe Ndinatemetsa Mkazi Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupatsani moni. Ndikuuzeni za masiku amene magazi a malemu mkazi wanga Tisauke anakana kuundana.

Tinabwera ku Kafue kuchokera ku Katete ufulu utangobwera, ine nditapeza ntchito yoomba nsalu kufakitale. Tikukhala ku Nangongwe, Tisauke anayamba kutuluka kamfuno pafupipafupi, miyendo ili mawangamawanga. Ndinaganiza monga tinkaganizira kwathu, kuti ndi magazi oipa ofunika kuchotsa. Ndinaitana munthu wodziwa lezala namutema mphini zisanu pamsana. Ine ndemwe ndinamugwira mapewa.

Mphinizo sizinaume. Nsalu zinatha, chitenje chake cha kutchalitchi chinanyowa, ndipo tsiku lachiwiri sankathanso kudzutsa mutu. Ndinalakalaka amayi ake ali pafupi, ngakhale kuti anditukwane.

Kuchipatala namwino wina wa Chitonga anandikhazika pansi. "Ba Phiri, imwe mupanga nyula ku fakitale ya nsalu, muzamvela. Munthu akazicheka, tunthu tung'ono twa mu magazi, ma pulateleti, tuthamangila kutseka pa chilonda. Pambuyo vinangu viluka kotoni pamwamba kuti pagwile. Bakazi banu tunthu utu twachepa, manje imwe mwabacheka futi."

Anati pakufunika magazi atsopano. Ine ndinkakhulupirira kuti magazi a mlendo sangakhale m'thupi la Tisauke, munthu wa kwa Banda, choncho ndinatumiza uthenga kwa alongo ake. Ndinkaima pamsewu kuyang'ana basi iliyonse, ndikupempha Mulungu kuti alamu atsike. Sanatsike.

Amene anabwera ndi anzanga a pamakina, asanavule n'komwe maovolosi. Atayezedwa, woyenerana magazi ndi Tisauke anali Mulenga, Mbemba amene ndinkakangana naye tsiku lililonse. Ndinayamba kuwiringula, iye n'kuti, "Iwe Phiri, nkala zii. Sinipasa iwe."

Madokotala anamuika Tisauke magaziwo, anamupatsanso mankhwala, ndipo mphini zinachita nkhanambo. Anakhala nane mpaka tonse tinachita imvi, ndipo ndikamukwiyitsa ankandiyankha kuti ndisamale, poti ndi magazi a Mulenga aja iyenso tsopano ndi Mbemba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha posatsata zimene ndinapempha. Inu muli ndi wodwala, musafooke popemphera, koma thamangirani kuchipatala lezala lisanamukhudze. Ine ndimamusowa Tisauke kwambiri. Tsiku lomusambitsa komaliza, amayi a mpingo anandifunsa za zipsera za pamsana pake, ndipo ndinawauza kuti ndine.