Mdzukulu Wanga Amaponya Nkhonya Ngati Nkhwangwa

Monire mose omvera. Ine ndine gogo wa ku Lufita, ndipo ndavina mpaka chitenje kumasuka. Mdzukulu wanga, chimphona chija, wapambana nkhonya pa Boma.

Mwanayu anakula akugwetsa mitengo m'munda wa mawere, ndiye nkhonya yake amaitenga kutali ngati nkhwangwa, thupi lonse n'kutsatira. Ikafika, munthu amagona. Koma isanafike, mutu wake umakhala poyera. Mnzake amene ankamenyana naye, wa ku Tunduma, sankazunguza mkono ayi. Ankangoponya zazifupi, zowongoka, kumugogoda pachipumi ngati akukhoma msomali. Kenaka nkhwangwa inatera, wa ku Tunduma pansi khu!

Ndinaimba njira yonse pa njinga yamoto, kufika kunyumba n'kumuphera tambala. Tikudya anandifunsa, "Agogo, kodi ndapambana?"

"Wapambana, bambo wanga."

Anaseka, n'kusamba m'manja. Asanapukute n'komwe anandiyang'ananso. "Agogo, kodi ndapambana?"

Mpaka lero akufunsabe, ndipo kuwala kwa dzuwa akukuthawa. Anzake akuti mwezi wamawa akamenyananso ndi yemwe uja. Inu odziwa za nkhonya, tandiuzani, kodi ine ndizivinabe?